Zomwe Fanuwelo Anatafuna ku Holande

Inu amene mukungoti pasipoti pasipoti, takhalani pansi ndikuuzeni. Pali mwambi wina umene ena amati ndi nkhani ya njuchi. Bodza limenelo. Mwambi uwu unayambira kunja, ndipo unayamba motere.

Kunali mnyamata wa ku Ntcheu dzina lake Fanuwelo, amene anapeza mwayi wokaphunzira za ulimi ku Holande. Nzeru za m'kalasi anali nazo, tisamunamizire. Koma kufunsa ankakuona ngati kuvula pagulu. Ndege anali atakwera kamodzi kokhako, koma potsika n'kuti atasanduka kale katswiri wa chikhalidwe cha azungu.

Sabata yoyamba, sukulu inakonza zoti ophunzira atsopano akaone tauni. Wowatsogolera anali Mayi Hilda. Iwo anati ulendo ukathera kumsika wa tchizi, komwe wophunzira mmodzi akathokoze pamaso pa mkulu wa sukulu, ndipo akalankhula bwino, iyeyo ndiye mtsogoleri wa ophunzira akunja chaka chonse. Fanuwelo anakweza dzanja mayiwo asanamalize n'komwe. Mpando umenewo ankaufuna mpaka kusowa nawo mtendere.

"Chabwino, mukalankhula ndinu," anatero Mayi Hilda. "Ndipo nonsenu, pomwe simukumvetsa muzifunsa."

"Akunena inu zimenezo," Fanuwelo ananong'oneza Esinati, mtsikana wa ku Dedza yemwe anabwera naye ndege imodzi.

M'tauni muja munali kanjira kofiira m'mbali mwa msewu. Anzake onse anakapewa, koma bwana wathu anayenda pakati penipeni, chifuwa patsogolo. Kanali kanjira ka njinga. Mabelu anali ngiringiri kumbuyo kwake, iye n'kumakweza dzanja kubweza moni.

"Waona, chemwali? Kuno munthu wolemekezeka amamudziwa ndi kayendedwe."

Atafika kumsika, wogulitsa wina anapatsa aliyense timipira tiwiri ta tchizi, tokutidwa ndi chinthu chofiira, chonyezimira.

"Achimwene, chofiirachi n'chodya?" anafunsa Esinati. "Ndipite ndikawafunse mayi aja."

"Usatichititse manyazi, iwe. Aziti kwathu sitidziwa zinthu?" Fanuwelo anang'amba kampira kamodzi, n'kununkhiza choyera chamkati, n'kukwinya mphuno. "N'chimodzimodzi mango. Chofiirachi ndiye mnofu, chamkatichi ndi njere. Sukumva fungo lake?"

Njere ija anaiponya m'bini, chofiira chija n'kuponya m'kamwa. Esinati, poti analibe nzeru zochuluka choncho, anapita kukafunsa.

Fanuwelo anatafuna. Anatafunanso. Chinthu chija osasweka, osamezeka, kumangofewa n'kumalowa m'mipata ya mano. Munthu wamba akanalavula. Koma ophunzira awiri a ku Ghana ankamuyang'ana, ndiye katswiri anagwedeza mutu ngati wamva kukoma, n'kuwonjezera chachiwiri.

Esinati anabwerera akuthamanga. "Achimwene, mayi aja akuti..."

Fanuwelo anamuletsa ndi dzanja. Iye aphunzitsidwe kudya ndi mwana wa ku Dedza?

Nthawi yomweyo mkulu wa sukulu anafika, Mayi Hilda n'kuitana wolankhula. Fanuwelo anakwera pa kabokosi, n'kukonza tayi, anthu onse zii kudikira. Anati atsegule pakamwa, nsagwada zakana. Anakakamiza, ndipo mawu onse okoma omwe analoweza njira yonse anatuluka kuti "Mmmf." Mano onse anali psuu, timizere tofiira tikulendewera m'kamwa.

Mkulu uja anadzidzimuka poganiza kuti mwana wa eni akusanza magazi, nayamba kuitana achipatala. Wogulitsa tchizi ndi amene anasuzumira m'bini, n'kutola tinjere tiwiri tija, n'kutikweza m'mwamba. Zaka makumi atatu ali pamsikapo, anati, anali asanaonepo munthu wotaya chakudya n'kudya chokutira chake cha phula.

Katswiri wathu anamukhazika pabenchi, n'kumupatsa kapu ya madzi otentha ndi kamtengo kotokosera m'mano. Mawu othokoza analankhula Esinati, ndipo mpando uja anatenga ndi iyeyo. Fanuwelo zinamuwawa kwambiri, koma ngakhale kudandaula sakanatha, pakamwa panali pomata.

Pobwerera, Mmalawi wina amene anakhalitsa kumeneko anaona mnyamata akutokosa mano, misozi ili chuchuchu, ndipo anafunsa Esinati kuti mnzakeyo chamuchitikira n'chiyani.

Esinati anamuyang'ana Fanuwelo, n'kupukusa mutu.

"Palibe chachilendo, achimwene. Safunsa anadya phula."