Mmene ndinayeretsera nyumba nkhondo ili mkati

Mpaka lero ku Chidzolomondo kuli amayi ena achikulire amene akandiona amayamba kuseka ndisanawapatse n'komwe moni. Sindiwada ayi. Ndine ndinatsala pang'ono kuotchetsa mudzi wathunthu chifukwa cha khoma, ndipo ndikanakhala iwowo bwenzi ndikusekanso.

Inali nthawi ya nkhondo ija. Ine ndinali kamtsikana ka mwana mmodzi kumsana, ndikukhala pachitengwa kwa apongozi anga aNabanda, amuna anga atawolokera ku Malawi kukasaka ganyu. Lamulo la masiku amenewo silinalembedwe paliponse, koma ngakhale mwana ankalidziwa: usaoneke ngati uli n'kanthu. Anthu a mfuti akatulukira kuchokera kutchire ankayang'ana nyumba yooneka ngati ya munthu wa boma, kaya purofesora wa kusukulu kaya sekeretariyo wa chipani, n'kuyamba kuyatsa yomweyo. Ndiye moto wa udzu susankha, umalumphira ndi kwa osalakwa omwe. Wokhala ndi radiyo ankaikwirira kumunda, wa nsapato ankazibisa kudenga. Zonsezi ine ndinkazidziwa bwinobwino. (Ndikunena dala, kuti musandimvere chisoni poganiza kuti linali vuto la umbuli.)

Chinandisokoneza mutu ndi ulendo wa ku Furancungo. Mwana anadwala chifuwa, ndiye ndinatsagana ndi amayi anzanga wapansi mpaka kuchipatala. Atangomubaya jekeseni, mvula inakhuthuka ngati kumwamba kwabooka. Namwino wake, Dona Firmina, ankakhala kuseri kwa chipatalacho, ndipo atandiona ndikunjenjemera pakhonde anandikodola.

"Entra, entra, lowa, mwanayo angazizidwe."

Abale inu, ndinaima pakhomo ngati mbuzi yokana kulowa m'khola. Pansi panali pofiira, posalala, ponyezimira mpaka ndinaona mapazi anga aŵiri atasanduka anayi. Mwana wanga anasuzumira pansi n'kuyamba kusekerera mnzake amene anamuona m'menemo. Makoma oyera mbuu, m'munsi mwake mzere wa azulu, mtundu wa thambo uja, wowongoka ngati anachita kuyeza ndi chingwe. Pazenera panalendewera kansalu kopyapyala kamene kankavina kokha ndi mphepo. Patebulo kansalu kena koluka ndi manja, pamwamba pake botolo, m'botolomo maluŵa. Ndinapita kukawanunkhiza. Anali a pepala. (Dona anatembenukira kukhoma, mapewa akugwedezeka, koma anali munthu waulemu, sanaseke mokweza.)

Chibadwire ndinali ndisanadziŵe kuti munthu angathe kukhala m'kati mwa chinthu chokongola chotero, n'kumadyamo, n'kumagonamo, ngati palibe chachilendo. Misozi inalengeza, osati ya nsanje ayi, koma ngati ija imabwera kutchalitchi nyimbo ikakoma.

"Dona, pansipa munazira ndi mtsiro wakuti?" ndinafunsa monong'ona.

"Si mtsiro, mwana wanga, ndi simenti. Ndimapaka sera. Katsala kachitini kamodzi, ndimachita kutapa ndi chala."

Chimene sindinafunse n'chakuti nanga iwo saopa bwanji. Yankho linali poyera: nyumba yawo inali pakati pa vila, m'tauni mwenimweni, asilikali akuyendayenda pamsewu. Yanga inali pamtunda, payokha, moyang'anana ndi njira yochokera kutchire.

Nditafika kumudzi ndinapeza apongozi atapita kukapepesa maliro kwa abale awo cha ku Tsangano, ulendo wa masiku ambiri ndithu. Mphaka wachoka, makoswe atase. Ndinayamba ndi khoma. Kudambo kwathu kuli dothi loyera limene amayi ankajambulira timizere pakhonde nkhondo isanayambe. Ine sindinafune timizere. Ndinasenza madengu asanu, n'kupaka m'kati monse katatu. Nditamaliza ndinakhala pansi n'kudzifunsa kuti, nanga zam'kati zokha adzaziona ndani? Ndinapakanso kunja, mbali zonse, mpaka kuseri kumene kumapita nkhuku zokha.

Azulu ndinalibe, choncho ndinaswa mabatire akale n'kusungunula makala ake, ndinapeza mzere wakuda bii. Pamwamba pa mzerewo ndinajambula maluŵa a katondo, aakulu ngati malichero. Kenako inafika nkhani ya kansalu ka pazenera. Vuto linali limodzi: nyumba yathu inalibe zenera. Ndinatenga khasu n'kuboola. (Inde, ndinaboola khoma la nyumba ya eni ake kuti ndipeze popachika nsalu.) Ndinapachikapo kapulana wanga, chitenje chopitira kutchalitchi.

Pansi ndiye panandivuta zedi. Ndinazira ndi katondo, kukulungiza ndi nkhulungo mpaka mawondo kusupuka, koma kunyezimira kuja osabwera. Ndinakumbukira nsupa ya mafuta a nsatsi imene apongozi ankasunga yodzola m'miyendo. Ndinathira pang'ono, panawala. Ndinathiranso, panawalirako. Ndinakhuthula yonse.

Madzulo ake ndinawoloka mtsinje n'kukwera tsidya lina kuti ndiione patali. Mayo ine! Dzuŵa linali likupendeka, nyumba zina zonse zitabisala m'mapesi a chimanga, zotuwa ngati zulu. Yanga yokha inali ikuwala pamtunda paja ngati mwezi wagwera m'mudzi. Ndinagwira pakamwa. Manja angawa, omwewa olimira fodya? Ndinaima pamenepo mpaka mwana analira.

Amayi opita kumadzi anayamba kundipatsa moni wachilendo: "Bom dia, Dona Shefi!" kutanthauza kuti mwadzuka bwanji, amayi abwana. Ena ankangogwedeza mutu n'kufulumira. Ine ndinkati ndi nsanje basi.

Apongozi anafika m'mawa wina, thukuta lili kamukamu, akuthamanga ngati mtsikana. Analowa osaodira n'komwe. Ine, monga mwa mwambo, ndinathamangira kukagwada kuti ndiwalonjere. Mawondo atangogunda pansi, sanaime. Ndinatsetsereka chogwada, manja ali okonzeka kuwomba, kuchokera pakati pa nyumba mpaka kukawagunda m'miyendo. Iwo anayesa kugwira khoma, phazi linathawa, anakhala pansi phwa! Tinayang'anizana maso ndi maso, mpongozi ndi mpongozi, chinthu chimene sichinachitikepo chikwatiwire changa.

"Iwe mayi a Zeka," anatero ndi mawu otsika, "ndili paphiri paja ndimayesa boma latimangira posito, ofesi yake. Ukudziwa kuti anthu aja agona tsidya la mtsinje waukulu? Dzulo ayatsa nyumba ya purofesora, ndipo akuti njira yawo ndi ino. Ukufuna atione ali kutali bwanji?"

"Amayi, ndimangofuna kuti mukongole..."

"Mukongola ndithu, moto ukamayaka."

Anadzuka chokwawa, natuluka. Atafika pabwalo anatembenuka n'kuyang'ana maluŵa a pakhoma aja nthawi yaitali. Ndinawamva akudzilankhulira kuti, "Koma manja ali nawo, chitsiru chimenechi." Kenako anakuwa kuitana mudzi.

Sindinaonepo amayi akugwira ntchito mwachangu chotero, ngakhale pamaliro. Wina ndi dengu la ndowe, wina matope a m'khola la nkhumba, wina mwaye wa kukhitchini. Ntchito imene inanditengera masiku asanu ndi limodzi anaifafaniza dzuŵa lisanafike pamutu. Zenera analitseka ndi zisanza ndi matope. Pansi anathira phulusa ndi gaga, n'kulowetsa nkhuku kuti zimalize. Ine anandipatsa maluŵa anga omwe kuti ndiwamate ndekha. Ndinkamata ndowe uku ndikulira mokweza ngati wamasiye, amayi anzanga akufa ndi kuseka, komabe aliyense diso lili kunjira.

Anafika mawa lake masana. Amuna angapo, nsanza zokhazokha, mfuti pamapewa. Tonse tinakhala pansi pabwalo, mitu yoŵerama. Anatenga mbuzi ziŵiri ndi ufa umene anaupeza. Kenako mmodzi wachikulire, wa ndevu za imvi, anayenda molunjika kunyumba yanga. Pansi pa ndowe zija panali khoma loyera, ndipo chikhadabo chimodzi chikanakwana kuulula zonse.

Anaima pakhomo. Anasuzumira. Nkhuku inatuluka pakati pa miyendo yake, nthenga zili nyankhalala ndi mafuta. Anabwerera m'mbuyo atagwira mphuno.

"Mwini nyumba ino ndani?"

"Ndine, bambo," ndinayankha, mawu akuchita kutuluka ngati a mwanapiye.

Anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi.

"Ndayenda midzi yambiri, ndagona m'mapanga, koma uve wotere sindinauone. Mkazi wamkulu ngati iwe! Amako sanakuphunzitse kuzira?"

"Ndi waulesi ameneyu, bambo," apongozi analowererapo msangamsanga. "Tatopa naye."

Tsono apa ndi pamene ndikufuna muone mtundu wa munthu amene akukusimbiraniyu. Mfuti ili apo, mudzi wonse ukunjenjemera, ine magazi anandikwera kumutu. Waulesi ine? Mawondo anga osupukawa? Ndinadzutsa mutu, pakamwa panatseguka, ndipo mawu anali atafika kale pa lilime: "Mukanabwera dzana..."

Apongozi ananditsina pantchafu. Sikunali kutsina kwa maseŵera, anapotokola ndithu ngati akuthyola chimanga. Ndinameza mawu aja pamodzi ndi kulira komwe. Bambo uja analavula malovu, naitana anzake, napita. Palibe nyumba imene inapsa tsiku limenelo.

Atazimiririka kuseri kwa phiri, aNabanda anandiyang'ana n'kufunsa, "Umati unene chiyani?" Ndinati palibe. Anati, "Ndimadziwa."

Anthu amati ndinaphunzirapo kanthu, ndipo ndimavomera kuti asandivute. Chipsera cha pantchafu chilipo, ndimachiona posamba. Koma ndikuuzeni zoona, poti takhala kale pansi: mbuzi ziŵiri zija ndinaziiwala kalekale. Chimene chimandiwawa mpaka lero n'chakuti kwinakwake kuli bambo wina, ngati akali moyo, amene amauza adzukulu ake kuti mkazi wauve kuposa onse anamuona ku Chidzolomondo.