Tsiku Lomwe Ndinatsekera Madoda M'kachipinda

Anthu a ku Mhuju amanena kuti ndinathawira pawindo. Limenelo ndi bodza: ndinadzera pachipata, ngakhale kuti mofulumirirapo.

Mdzukulu wanga wamkazi, Tiyezge, amaphunzira sayansi kuyunivesite. Atabwera kutchuthi, bambo ake (mwana wanga, amene sukulu sanaikonde) anagamula kuti asiye, azithandiza kumunda wa fodya, ati chinthu chosaoneka ndi maso si maphunziro. Ine ndinakana. Ndinauza Tiyezge kuti andifotokozere, ndipo ndinamva msanga, poti kusekondale ndinafikako.

Nkhani yake ndi iyi. Pali timadontho tating'onoting'ono momwe akatswiri amatsekeramo maelekitironi ochepa, tizinthu ta magetsi tosaoneka ndi maso. Maelekitironiwo amakankhana, ndipo nthawi zina, pofuna kupewana, onse amaloza mbali imodzi. Akatero, kadonthoko kamakhala ndi mphamvu ya maginito.

Ndinatsimikiza mtima kuti bambo akewo aone zimenezi ndi maso. Lamlungu titaweruka kutchalitchi, ndinasankha madoda okankhana kale: a Gondwe ndi a Msiska, omwe amalimbirana malire a munda, ndi a Mhango, omwe salankhulana ndi onse awiriwo. Aliyense ndinamuuza payekha kuti abusa akumufuna m'kachipinda kosungiramo mabenchi othyoka. Atalowa onse, ndinakoka chitseko n'kukhoma (ena amati ndinkaseka, sindinaseke).

Tiyezge anandinong'oneza kuti, "Asekuru, paja maelekitironi sayenda ndi ndodo."

M'katimo munamveka phokoso, kenako bata. Ndinaitana mwana wanga ndi mpingo wonse, n'kulongosola mwatsatanetsatane chifukwa chomwe ndinasankhira anthu amenewo, mokweza mawu kuti akumbuyo amve. Otsekeredwa aja anamvanso. Nditatsegula, onse anali ataloza mbali imodzi, ndodo zawo chimodzimodzi, ndipo mbaliyo inali yanga.

"Yewo chomene, adada," anatero a Gondwe mwaulemu woopsa. "Tsopano mulowe inu."

Sindinalowe. Pamsinkhu wangawu sindinkadziwa kuti maondo akadali ndi mphamvu zotere.

Madzulo ake mwana wanga, akupukuta misozi ya phwete, anati ngati sayansi yagwirizanitsa a Gondwe ndi a Msiska, zomwe abusa anazilephera, Tiyezge abwerere kusukulu. Anabwereradi.

Mtsikanayo amanena kuti fanizo langa linalakwika m'malo ambiri. Akadzabweranso ndidzamuwongolera. Pakadali pano ndikukapemphera kutchalitchi china, ku Njakwa.