Matimati a Pabwalo la Tchalitchi

Mpaka lero pamsika wa Huruyadzo pali amayi ena okalamba amene amavundikira matimati awo ndi chitenje akandiona ndikubwera. Sindiwaimba mlandu, koma mumve kaye mbali yanga.

Dziko litangolandira ufulu, mzungu amene ndinkamusamalira maluwa ku Harare anathawira ku Joni. Ndinabwerera kwathu kukomboni ya St Mary's ndi chipewa chake chakale komanso matama osaneneka. Ndikayang'ana bwalo la tchalitchi chathu, mutu unkandiwawa: fumbi lokhalokha, tinjira ngati ta mbewa, ndi mtengo umodzi wa mango wooneka wotopa ndi moyo. Anthu a kuno za kukongola sazidziwa, ndikunenetsa.

Pamsonkhano wa akulu a mpingo ndinaimirira. "Pano tibzale kapinga, m'mbalimu maluwa, pakati njira ya miyala yopaka laimu. Akwati azijambulitsa pompano, asamakapemphe udzu wa eni ake m'tauni."

Mayi Banda, mkulu wa amayi, anafunsa mosakaniza ndi Chishona monga mwa nthawi zonse: "Ko, Baba Rudo, udzu timadya here?"

"Amayi, si chilichonse chimalowa m'poto," ndinatero (ngati wobadwira ku Mangalande, chikhalirecho bambo anga anakalambira m'munda wa fodya).

Anandilola. Vuto linali nthaka, mchenga weniweni. Apa mlamu wanga Jemusi, woyendetsa lole, anandinong'oneza kuti kumadamu kumene kumathera za m'zimbudzi za tauni yonse kuli manyowa ouma, akuda bii, ongotapa. Tinatuta lole yodzadza. Kumpingo ndinangoti ndi manyowa apadera a akatswiri. Fungo litavuta, ndinati ndi mphamvu ya mankhwala.

Mvula itagwa, kapinga anamera bwino ndithu. Koma pakati pake panatulukanso timbewu tina, paliponse, mpaka m'njira yanga ya miyala. Nditawerama n'kununkhiza tsamba, ndinazindikira. Matimati! (Kwa inu osadziwa: njere ya tomato imadutsa m'mimba mwa munthu ili yamoyo, ikafika kwina n'kuyambiranso.)

Ndinathamangira khasu, koma Mayi Banda anandigwira mkono. "Siyani! Ndani anabzala? Hapana, palibe! Awa ndi mana ochokera kumwamba."

Kumwamba! Ndikanalankhula pomwepo. Koma Lamulungu lotsatira abusa analalikira za manja odalitsika akuyang'ana kwa ine, ndipo ine ndinagwedeza mutu modzichepetsa. Amayi anazika timitengo pakapinga panga, bwalo lonse n'kusanduka dimba. Matimati ake aakulu ngati chibakera, ofiira psuu. Ena ankagulitsidwa pa Huruyadzo, ndipo anthu ankachoka kutali ku Unit O kudzafunsa "matimati a kutchalitchi aja". Ine kunyumba ndinayamba kudya ndiwo zopanda tomato, ndikunamizira chilungulira.

Kenako panali chakudya choyamika zokolola, pansi pa mango. Mpunga, nkhuku, msuzi wofiira wochita kunyezimira. Tili mkati, anatulukira Jemusi, atadzera kaye ku bawa kukamwa. Apongozi anga anamuikira mpunga n'kunyamula chipande cha msuzi.

"Aiwa, amayi, ine wouma womwewu," anatero.

"Bwanji, mwanangu? Wakoma msuziwu."

"Kukoma ukoma. Koma lole ija ndinayendetsa ndine, kwawo kwa matimatiwa ndikukudziwa. Akudyedwa kachiwiri amenewa."

Ndinamuponda phazi. Iye anakweza mawu n'kufotokoza zonse, mpaka mtundu wa ntchentche za kumadamu.

Abusa anaika sipuni pansi mwaulemu, n'kulowera kuseri kwa tchalitchi mofulumira kuposa msinkhu wawo. Mayi Banda anandiyang'ana kuyambira kuchipewa mpaka kunsapato.

"Nhai, manja odalitsika, munasamba koma?"

Apongozi anangotenga msuzi wonse wotsala n'kuukhuthulira m'mbale yanga, kenako anakhala pafupi kudikira. Ndinadya, abale anga. Mpongozi sakanidwa.

M'mawa mwake amayi anabwera ndi makasu. Anazula matimati, kapinga, maluwa, ngakhale miyala yanga yosalakwa anaitaya kumseu. Dzinja lotsatira anabzalapo chimanga, panthaka yomweyo, pamanyowa omwewo. Chinabereka ziwiriziwiri, ndipo anachiotcha n'kudya onse, abusa omwe, popanda wofunsa kwawo kwa chimangacho. Ine sanandigawireko ngakhale chitsononkho.