Makala a Zitsononkho

Lolemba
Juni wafika ndi chisanu chake. Kuno ku Katuli nkhuni zasowa. Chibwerere abale athu othawa nkhondo ku Mozambique, mbaula zachuluka, mitengo sinachuluke. Mayi a ana akumapita kuphiri la kumalire, kubwerako msana utauma. Kabuku ka zaulimi kali ku sukulu kwathu kakunena momveka: wotcha zotsala za m'munda, sinja, sakaniza ndi phala la chinangwa, umba, yanika. Makala! Ndawauza mayi a ana kuti sabata ino asapite kuphiri, moto ndi udindo wanga. Ayankha kuti, "Chabwino, aphunzitsi." Amanditchula choncho akakwiya basi.

Lachiwiri
Mapesi kulibe. Akakolola kuno amamasula mbuzi, ndipo za aneba athu che Saidi zandiyambirira. Zatsala zitsononkho. Ndayenda khomo ndi khomo ndi thumba, kupempha. Anthu akupereka mwachifundo chodabwitsa. Mayi wina wathira dengu lonse, nkuti, "Pepanitu, zimachitika."

Lachitatu
Ndamvetsa. Zitsononkho kuno ntchito yake ndi ya kuchimbudzi. Mudzi wonse ukudziwa kuti kwa aphunzitsi atsegula m'mimba, banja lonse, matumba awiri osakwana! Zomwe zafika pakhomo:
makungwa owawa ochokera kwa mayi Fatima a ku Mozambique,
mchere ndi shuga,
dua, pemphero la shehe.
Ndafotokoza za makala. Akugwedeza mutu ngati akumva wodwala akubwebweta.
Madzulo ndawotcha zitsononkho mumgolo. Poyatsira ndagwiritsa nkhuni zathu zomaliza. Theka lasanduka phulusa.

Lachinayi
Wa zaumoyo wabwera pa njinga, akuti wamva za kolera. Wathira mankhwala m'chimbudzi, pakhonde, ngakhale pa nsapato zanga. Kumjigo amayi akusuntha ndowa zawo mayi a ana akafika. M'kalasi mwanga ana achepa. Palibe amene wadwala! Umboni ulipo: tonse tikuyenda! Komabe ndaumba makala, okongola ngati zitumbuwa, ndayanika pa mphasa.

Lachisanu
Kabuku sikanatchule kuti phala la chinangwa ndi chakudya. Nkhuku zikudziwa. Mbuzi za che Saidi zikudziwanso, zabwerera milomo yakuda. Makala otsalawo ndakweza padenga. Masana kwayamba kamvula kowaza, dzuwa osaoneka. Ana agona atavala mayunifolomu awiriawiri. Wamng'ono akutsokomola.

Loweruka
Ndayesa kuyatsa. Utsi, misozi, utsi. Moto ayi. Vuto si mfundo, vuto ndi chinyezi, ndipo ndanena zimenezi mofatsa. Mayi a ana atenga chikwanje, azula mpanda wa bafa, aphikira nyemba, awothetsa mwana. Tsopano kumudzi kuno banja lodwala m'mimba likusambanso poyera. Che Saidi podutsa: "Aphunzitsi, ndiye chitukukotu!"

Lamulungu
Sindikupita kutchalitchi. Chifuwa cha mwana sichinaleke, mpanda wa chimbudzi ndi umene watsala, ndipo ndaona mmene mayi a ana akuuyang'anira. Makala adzauma, mwina mu Ogasiti. Njinga siingakwere phiri lija, ndiye nkhuni ndikasenza pamutu. Amayi a m'mudzi ali kale panjira ndi zingwe zawo, akundidikira, akuseka osabisa. Mayi a ana andipotera nkhata ya chitenje chakale. Aipanga yaikulu. Akuti mutu wake ndi wophunzira, ungaphwanyike.