Tambala pa Thanga la Bwana

Mpaka lero ndikamva fungo la pulasitiki wopserera ndimaseka, ndimaseka mpaka misozi mbwembwembwe. Koma tsikulo sindinaseke ayi. Tsikulo ndinatsala pang'ono kugoneka ana asanu panja chifukwa cha ukhondo. Ee, ukhondo, osati uve.

Inali nthawi ya nkhondo, tikukhala ku Mufakose, lokesheni ya ku Rodeshiya, m'nyumba ya khonsolo. Amuna anga, bambo a Feliya, ankasamala maluwa ndi kapinga kwa mzungu wina ku Waterfalls, yemwe tinkamutcha Chindevu. Muzidziwa inu a masiku ano, nyumba ija inkayendera ntchito. Ntchito yatha, nyumba yatha, kwera sitima ubwerere ku Dedza ndi ana osadziwa n'komwe kuti Dedza ili mbali iti.

Chindevu anali ndi kaboti kopanda injini, koyenda ndi mphepo. Lamulungu lililonse ankakakokera ku damu la Hunyani. (Ife kutchalitchi, iye kumadzi, aliyense ndi kumwamba kwake.) Ndiye boma linamuitana kuusilikali milungu isanu ndi umodzi. Ponyamuka anauza bambo a Feliya kuti thanga, chinsalu chija chimagwira mphepo, lada ndi matope, alitsuke. Iwo, podziwa mkazi amene anakwatira, analimanga pa njinga n'kubwera nalo kunyumba.

"Amake Feliya, mungolitsukuluza ndi madzi ozizira, basi."

Madzi ozizira basi? Ine? Ine wochapa bulauzi ya Mvano mpaka abusa kuphethira paguwa? Ndinati chabwino bambo, koma mtima unali utakoleza kale moto.

M'mawa atapita ndinalitambasula. Linayambira pakhomo, kudutsa pa mapichesi, kukafika pampanda wa Mai Chipo, mnansi wanga wachishona. Iye anasuzumira n'kufunsa ngati ndapeza mwamuna wina wamtali woti afunde chimenechi.

Choyamba ndinaona timaulusi tofiira tikulendewera apa ndi apo. Ndinati azungu ndi ndalama zawo, telala wawo waulesi chonchi? Lumo khe, khe, khe, tonse pansi.

Chachiwiri, matumba. Linali ndi matumba atatu aataliatali, m'kati muli timatabwa tafulati. Ndani amachapa chovala osakhuthula m'matumba? Ndinasolola tonse. Kamodzi kanakhala chotakasira chabwino zedi mpaka kanathyoka, tiwiri tinathandiza moto. (Tinayaka bwino, zimenezo sindikana.)

Chachitatu, diramu. Madzi owira, sopo wamtanda, buluu. Ndikutakasa ndikuimba, ndikuimba ndikutakasa, amayi a mzere wonse akuonerera. Linatuluka loyera mbee, koma makwinya ake! Ngati nkhope yangayi lero. Mai Chipo anati ndilisiye choncho, mphepo ikasita yokha. Ndinamuyankha kuti kwathu nsalu siibwerera kwa mwini ili ngati yatafunidwa ndi ng'ombe.

Ndinadzaza makala m'simbi, ndinaikupiza mpaka kufiira. Pakati pa thangalo panali kazenera ka pulasitiki koonerapo kutsogolo, ndipo ndi pamene makwinya anachuluka. Ndinayambira pomwepo.

Tsiii!

Kukweza simbi, thanga likubwera nayo. Kukoka, likutanuka ngati ulimbo. Pomaliza panali chibowo choti mutu ndi duku lomwe n'kudutsa, ndipo kuseri kwake ndinaona nkhope ya Mai Chipo, dzanja lili pakamwa.

Bambo a Feliya atafika anatsamiritsa njinga, anavula chipewa, anakhala pansi padothi ndi yunifomu yomwe.

"Amake Feliya, mwatentha nyumba ndi simbi imodzi."

Ndiye anandifotokozera pang'onopang'ono ngati wofotokozera mwana. Timaulusi tija timauza woyendetsa kumene mphepo ikuchokera. Timatabwa tija ndi nthiti zake, popanda ito thanga limangokupiza ngati chovala pachingwe. Nsaluyo si thonje, ndi terelini wa kutsidya kwa nyanja, ndipo chitsekereni maiko makomo awo pa Rodeshiya, sungaipeze ngakhale utalira magazi. Anati mwina tinene kuti akuba anaba. Ndinakana. Nthawi ya nkhondo uitanire apolisi m'lokesheni, agubuduze mabedi a anthu osalakwa chifukwa cha simbi yanga? Ndinati chobowola ndine, chotseka ndikhalanso ine.

Ndinayesa chigamba cha shiti. Ine kugwira uku, iwo kukoka uko, pwee. Thumba la ufa, pwee. Nsalu yolimba m'nyumba monse inali imodzi, chitenje chimene mayi anga anandipatsa pokwera sitima, chokhala ndi tambala wamkulu uku ndi uku, lipombo psuu. Zaka zonsezo chinali pansi pa sutikesi, ndinkati adzandifunditse pa maliro. Ndinachidula, maso ali gwa, mtima ukulira. Ndinaika tambala mbali iyi, tambala mbali inayo, n'kusoka mokhotakhota potsanzira msoko wa eni ake, ulusi nditaupaka kandulo. Bambo a Feliya anasema nsungwi zitatu zolowa m'matumba. Timaulusi tofiira tinachokera ku juzi ya Feliya, mkono wake unafupikako.

Chindevu anabwerako kunkhondo ataonda, wosayankhula, maso ali kutali. Lamulungu anati bambo a Feliya akamuthandize kudamu. Ndinati nane ndipita, mlandu ndi wanga. Ndinajomba kutchalitchi, n'kukwera kumbuyo kwa galimoto nditanyamula dengu la dona, mkazi wa Chindevu, ngati wantchito, poti pachipata cha kudamuko munthu wakuda ankalowa ndi katundu wa mzungu basi.

Chingwe kwee, kwee, thanga likukwera pamlongoti. Loyera, loyera, loyera, kenako tambala uyo! Mphepo inamuomba, chifuwa chake chinatukumuka, mungati alira pompo. Azungu a maboti ena anasiya zingwe zawo, wina anaseka mpaka kukhala m'madzi. Chindevu anafiira kuposa lipombo. Anafunsa kuti wachita izi ndani. Bambo a Feliya anatsegula pakamwa, ine ndinali nditagwada kale pamchenga.

"Ndine, bwana. Linali lakuda."

Anatsitsa thanga. Anapisa chala pamsoko, anakoka, anakokanso ndi manja awiri. Sunasunthe. Anayang'ana nsungwi, anayang'ana ubweya wa juzi, anayang'ana ine. Kenako mapewa anayamba kugwedezeka. Ndinkati akulira. Dona anadzauza bambo a Feliya kuti chibwerereni kunkhondo kumeneko kunali kuseka kwake koyamba.

Tsikulo unali mpikisano. Maboti onse oyera patsogolo, lathu kumbuyo kwenikweni, poti thanga lophika silikoka mphepo ngati kale. Bambo a Feliya anaweramitsa mutu ndi manyazi. Ndinawagunda ndi chigongono: "Dzutsani mutu bambo, tambala weniweni amayenda kumbuyo kwa nkhuku zake."

Ntchito siinathe. M'malo mwake anzake a Chindevu anayamba kutumiza matanga awo ong'ambika ku Mufakose pa njinga yomweyo, lililonse ndi uthenga umodzi: asoke, asachape. Simbi yanga inkagona kwa Mai Chipo mpaka thanga litachoka pakhomo, molamula bambo a Feliya.

Ndiye wina akadzakupatsani thanga, imvani kwa ine ndinaphunzira ndi fungo. Madzi ozizira, yanikani pamthunzi, pindani likauma, timaulusi musatikhudze, m'matumba musapisemo. Chindevu anapita kalekale, bambo a Feliya anagona, nyumba ndi ino ndakhalamo lero, mapichesi akubalabe. Chitenje cha maliro ndilibe, n'chifukwa chake sindikufulumira.

Koma makwinya ndimadana nawobe. Sabata yatha mdzukulu wanga anaiwala jekete lake la mvula lapulasitiki pampando, lili makwinya okhaokha. Ndikuyang'ana m'sutikesi ngati munatsalako kamchira ka tambala.