Buku la Nyimbo la Tadala

Lolemba
Kwatsala masiku asanu ndi limodzi basi. Lamulungu mdzukulu wanga Tadala, wa zaka zinayi, akunyamuka ndi amake kupita ku Mzuzu, komwe bambo ake apeza ntchito. Kutalitu kumeneko! Ndaganiza zomupangira buku la nyimbo zakwathu, lazithunzi, aziimba akuloza ndi chala, asatiiwale. Ndagula pamsika wa Chonde: kope lalikulu, makrayoni, guluu. Nyimbo khumi, zithunzi khumi. Ine amene ndinali kapitawo kuesiteti ya tiyi, kabuku kokha kangandikanike?

Lachiwiri
Vuto loyamba, nyimbo zake. Ndikukumbukako ziwiri, zonse zoduka mchira. Mayi akunyumba akuti, "Pitani kwa akulu anga a Felesiya." Ndapita kwa alamu angawo. Andipatsa imodzi yapamtondo, akuseka mpaka kupukuta misozi ndi chitenje:

Bambo wa chipewa uja,
khasu lamulemera,
mbale yamupepukira, eee!

Akuti ndi yakalekale. Yokoma bwanji! Ana aphunzirapo kuipa kwa ulesi. Imeneyi ipita patsamba loyamba.

Lachitatu
Kujambula si masewera. Zomwe zatuluka lero:
mbuzi, koma aliyense akuti ndi tebulo;
phiri la Mulanje, ngati mzere wa mbatata;
mayi wosinja, mikono itatu (ndinafufuta umodzi, sunafufutike).
Tadala wabwera kanayi. "Agogo, tikasewere." Ndamuuza achoke, andidetsera mapepala. Wachoka ndi krayoni yofiira. Pobweza, theka wadya.

Lachinayi
Chiperoni chatsika m'phiri, guluu sakuuma. Masamba awiri amatirirana, powalekanitsa mayi wosinja wapita ndi mutu. Bambo waulesi yekha ndiye watuluka bwino kwabasi: chipewa, kamimba, wakhala tambalale pansi pa mtengo wa mapeyala. Ndadzitama ndekha. Tadala wasuzumira pazenera, "Awa ndi agogo!" Mwana angadziwe chiyani za luso? Ndatseka zenera.

Lachisanu
Kalanga ine! Ndapita kukayesa buku kusukulu ya mkombaphala yakutchalitchi. Ana aigwira nyimbo kamodzi n'kamodzi, manja phaphapha. Koma amayi ophika phala ataya mithiko, nthiti zawawa ndi kuseka. Mmodzi wachikulire wandikokera pambali: "Abambo, mpaka mwadzijambula nokha? Nyimboyitu anaipeka ndi malemu apongozi anu, chaka chomwe munabwera chikamwini m'mudzi muno."
Zaka makumi atatu! Mudzi wonse ukudziwa, mwini wake ndekha ndiye ndikuphunzitsa ana. Pobwerera chipewa ndachinyamulira kumanja, dzuwa likuswa dazi. Ana atatu anditsatira mpaka pachigayo, akuimba.

Loweruka
Ndawafunsa mayi akunyumba. Akuti, "Inetu ndinkangothirira mang'ombe." A Felesiya nawo, "Chilamu ndi chomwecho, mukwiyiranji? Nanga chaka chimenecho munalima?" Sindinalime, n'zoona, ndinkachokera kuntchito nditatopa. Koma mpaka nyimbo?
Tsamba lija ndaling'amba, ndaponya pamoto. Zotsala:
nyimbo ziwiri zoduka;
mbuzi;
phiri.
Tsiku lonse ndili mkati, kuyesa kujambula china cholowa m'malo. Palibe chikutuluka. Tadala wakhala pakhonde ndi mpira wake wachikulunga. "Agogo, mwamaliza?" Ndati pang'ono. Wafunsanso. Ndati pang'ono. Potuluka ndamupeza wagona pamkeka, mpira uli m'khwapa. Amake amunyamula kukamusambitsa.

Lamulungu
Pasiteji. Buku la masamba atatu, guluu akununkhabe. Ndamupatsa Tadala atakhala kale pamiyendo ya amake m'minibasi. Watsegula, watembenuza, wabwereranso koyambirira.
"Agogo aja ali kuti?"
Amake akuti, "Nenani zikomo." Wanena, koma maso ali m'buku, akufunafuna. Kondakitala wamenya chitseko, yapita.
Nyimboyo aziimba ndithu, mudzi wonse, sindiletsa munthu. Ulesi wa khasu uja unali wa chaka chimodzi, akuchikamwini anandikhululukira. Koma iyi inali sabata yomaliza ya Tadala kuno, ndipo ine ndaithera kumuthamangitsa pakhomo. Amake akuti adzabwera pa Khirisimasi ya chaka chamawa. Adzakhala atayamba sukulu, ndipo sindikudziwa ngati adzandiitanenso kuti tikasewere.