Pakamwa panga m'khoti ya mkamwini

Amene analipo tsiku limenelo ndiwatchula onse, kuti wina akakuuzani mosiyana mudziwe kuti ndi wabodza. Analipo mwana wanga Yohane, amake Yohane, mkamwini wanga ba Mwale amene amawotcherera mageti kuno ku Kalingalinga, ba Tembo amene anamenyedwa, mayi woweruza, ndi wapolisi wina wamfupi amene sindidzamukhululukira. Inenso ndinalipo, ngakhale ena amati bola ndikanadwala malungo.

Sukulu sindinapite patali, koma malamulo ndimawadziwa. Ndinalondera pageti la ofesi ya maloya mpaka imvi zinamera, ndipo mawindo awo sankatseka. Kuno aliyense amandiitana kuti ba Loya (ena amaseka potero, koma ndi nsanje).

Mlandu unali wa mbama. Ba Tembo ananena pagulu kuti geti limene mkamwini anawawotcherera ndi lopindika ngati mwendo wa galu, mkamwini n'kuwayankha ndi dzanja. Chimene sindinadziwe n'chakuti amake Yohane anali atapita kale kwa ba Tembo ndi nkhuku kukapepesa, ndipo ba Tembo anavomera kukachotsa mlandu pamaso pa woweruza. Banja lonse linadziwa kupatula ine. Ati ndikanasokoneza. Ine!

Ndinavala jekete ndi tayi. M'minibasi ndinalangiza mkamwini mokweza, mpaka kondakitala anaiwala kuitanira anthu.

"Ba Mwale, jele siopsa munthu amene ali na loya. Imwe khalani chabe zii."

"Atate," anatero Yohane, "naimwe mukakhale zii."

Ndinayesa akunena nthabwala.

M'khoti ba Tembo anaimirira, nayamba mofatsa: "Ni zoona ba Mwale ananimenya, koma..."

Sindinadikire zotsatira. Maloya anga ankati mdani usamulole kumaliza. Ndinadzuka, benchi n'kulira.

"Obujekishoni!"

Khoti yonse inatembenuka. Amake Yohane anakoka jekete yanga, ine n'kuwachotsa dzanja.

"Ndimwe ndani, madala?" anafunsa woweruza.

"Ndine mpongozi wa ba Mwale, ndiponso nidziwa malamulo. Uyu Tembo ni wabodza! Nenzepo ine. Mbama zenze zing'ono, za chikondi. Na thabwa lija silinamugwire bwino, linangopita pa khutu."

Za thabwa panalibe anazitchula, ngakhale kupolisi. Ba Tembo anagwira khutu lawo pang'onopang'ono, ngati munthu amene wapeza chinthu chimene anataya kalekale.

"Eya, thabwa! Nenze n'naiwala. Ndipo popeza ine ndine wabodza, mlandu siniuchotsa. Upitilire."

Mkamwini anandiyang'ana. Maso amenewo ndimawaonabe ndikatseka anga. Mwana wanga wamkazi anali ndi pakati potopa, ndipo apa mwamuna wake jele inali itamuyandikira chifukwa cha loya wake.

Munthu wanzeru akanakhala pansi. Ine ndinafuna kukonza. Ndinauza woweruza kuti iyeyo ndi mwana wa dzana, kuti ine ndinayamba kumva milandu asanamere mano. Mayiyo sanakweze mawu. Anangoti, "Bapolisi, batengeni ba loya bakapumuleko."

Kuselo wapolisi wamfupi uja anandivula tayi, lamba ndi zingwe za nsapato. Buluku linali la malemu mkulu wanga, munthu wamimba, choncho tsiku lonse ndinaima nditaligwira ndi manja awiri. Anyamata a m'menemo anandifunsa chimene ndalakwa. Nditawafotokozera, mmodzi anandichonderera kuti, "Mudala, mlandu wanga musaukambeko, napapata."

Madzulo ananditulutsa nditapepesa (ndi mawu otsika, koma ndinapepesa). Ine ndimati lamulo n'labwino, vuto n'lakuti silimvera akulu. Amake Yohane amati vuto lili pansi pa mphuno yanga.

Patapita masiku, ndinaona Yohane akukoka mbuzi yanga, ija ndinkasungira Khirisimasi. Ndinakuwa kuti kumeneko ndi kuba, ndipo ndikudziwa chilango chake. Iye sanaime n'komwe.

"Atate, ba Tembo bavomera kuchotsa mlandu, koma bakuti imwe tsiku ya khoti tikukhomereni m'nyumba. Nkhuku ija yenze ya dzanja ya ba Mwale. Mbuzi iyi ni ya pakamwa panu."